Maliro a Mngelezi wa M'mafilimu

Ndili pa maliro a Mngelezi uja wa m'mafilimu, amene sakhala mwini filimu ayi. Lero ndi wapolisi, mawa dokotala, mkuja woperekera tiyi kwa mabwana. Bokosi lake lili pakati pa msika wathu, paja amagulitsa makala, ndipo anthu ali pamzere woona nkhope.

Mayi wina akusuzumira. "Aa, awatu ndi abusa!" Mnzake akukana, akuti ndi chigawenga chija chinagwa pa sitima. Aliyense akuona wakewake.

Mkulu wa adzukulu akundikoka malaya, miyendo ili mbuu ndi dothi. "Madala, inu mumaswera ku vidiyo, tiuzeni ndi ndani ameneyu. Wosadziwika sitiika, komanso manda sagona opanda munthu." Akulankhula uku akundiyeza msinkhu ndi bango.

Ndikuwerama. M'bokosimo muli ine ndemwe, dazi langa, dzino langa limodzi lija, ngakhale chipsera cha njinga pachibwano. Kunena zoona wandikongoletsako pang'ono.

Wa m'bokosiyo akutsegula diso limodzi. "Achimwene, moyo wanga wonse ndavala nkhope za eni, yanga ndinaiwala komwe ndinaisiya. Ndibwerekeniko iyi."

Mkazi wanga Nabanda akusuzumira, kenaka akulira mokweza, "Bambo a kunyumba ine!" Ndikumugwira paphewa. Akutembenuka, akundiyang'ana bwinobwino.

"Pepani bambo, kodi ndinu a kuchimuna?"

Ndadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo mpaka pano kalilole ndikumuzemba.