Dzanja Lamanja la Aphunzitsi

M'nyumba yogundana ndi yanga mumakhala mayi wina wokalamba amene tonse timangowatchula kuti Aphunzitsi. Kale ankaimba piyano m'maholo akuluakulu, anthu n'kumachita kuimirira powaombera m'manja. Kenako anaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo mawu awo sasintha: "Piyano sinama, wonama ndiwe."

Sitiroko inawapha dzanja lamanja. Komabe m'mawa uliwonse amakhala pa piyano n'kumaimba ndi lamanzere lokha. Ine kuseri kwa khoma ndimamva mawu a besi akugunda, kenako zii, pamene lamanja likanayankha. Sadumphapo ayi. Amadikira mpaka mbali yakeyo ithe, ndiye n'kupitiriza.

Mwezi watha kunabwera wophunzira wawo wakale, mayi amene lero ndi katswiri wotchuka. Ndinali komweko, nditawabweretsera mankhwala. Atamva nyimbo yodukadukayo, mlendoyo misozi inalengeza. Anakhala pambali pawo mwakachetechete n'kuyamba kuimba mbali ya dzanja lamanja. Kunena zoona zinakoma, mpaka thupi langa linachita tsembwe.

Aphunzitsi anasiya. Anatseka chivundikiro cha piyanoyo mwamphamvu, pang'onong'ono kumupana zala mlendoyo.

"Wakutuma ndani?"

"Ndimati ndikuthandizeni, Aphunzitsi."

"Pamenepo ndi panga. Sindinafe ine. Ukadzamva kuti andikwirira, udzabwere udzatengepo."

Mlendoyo anatuluka akulira, ndipo sanabwerenso.

M'mawa mwake lamanzere lija linayambanso, kenako zii. Ndinangozindikira kuti ndaimitsa kapu pakamwa, osamwa, ndikudikira nawo limodzi dzanja lakufalo.