Bokosi la Mkungudza la Abambo a Chisomo

Ndinanyamuka ine, ndinanyamuka ndili ndi imvi kale, zidzukulu zikundikoka chitenje. Penshoni ya abambo a Chisomo, amuna anga, inali itasungunuka ngati mchere m'madzi, chikhalirecho munthu anagwira ntchito ku fakitale ya ku Msasa mpaka msana kupindika. Mnzanga wa kutchalitchi atandiuza kuti ku Joni kuli gogo wina wofuna womusambitsa ndi kumuphikira, ndinati ndipita ndine. Manja ndili nawo, miyendo ndili nayo, ndikhalirenji?

"Pitani, amayi a Chisomo," anatero iwo. "Koma ine ndizitani muno tsiku lonse?"

"Muzipala matabwa. Si paja munkati mukadzapuma ntchito mudzakhala kalipentala?"

Kwathu kuno ku Glen View matabwa ndiye moyo. Ku komplekisi, kumene amakhoma mipando ndi mabedi pamtetete, macheka amalira dzuwa lonse. Koma amuna anga sankafuna zogulitsa ayi. Ankangokonda. Kampando ka mdzukulu, kashelefu ka mbale, basi mtima wawo mbee!

Ku Joni ndinakapeza nyumba yaikulu, mpanda wautali, wondilonjera ndi galu yekha. Ndalama ndinkatumiza, inde, zidzukulu zinkadya. Koma kusungulumwa, abale inu, kusungulumwa kumaluma ngati nsikidzi. Zolembalemba pafoni sindizitha bwino, ndiye tinkatumizirana mawu ojambula. Iwo ankandiimbira nyimbo za kutchalitchi ndi besi yawo ija, besi yogwedeza mabenchi, ine nkumapolokozana nayo uku ndikusita.

Tsiku lina mawu anabwera odzaza ndi chimwemwe. Anali atapeza zitseko zakale ku komplekisi, zochokera pa nyumba ya pafamu yogumulidwa. Atapalapo ndi mpeni, fungo fwaa!

"Mkungudza, amayi a Chisomo! Fungo la bokosi la amayi anga lija, limene anabwera nalo kuchokera ku Mulanje!"

Ife obadwira kuno ku dziko la eni, Mulanje sitinamuonepo ndi maso. Tinamumva ndi mphuno, m'zovala za makolo athu. Anagula zitsekozo, anagulanso makina amagetsi osalalitsira matabwa, utuchi nkumatuluka wosalala ngati ufa woyera. Ndiye tamverani nzeru za amuna anga. Ankagwirira m'chipinda cha kuseri, zenera tseke, chitseko tseke, kuti fungo la kwathu lisathawire kwa aneba. Utuchi ankausesa bwinobwino nkuuthira mu pilo, ati ndi mankhwala a chimfine. Maso akamayabwa, mphuno ikamachucha, iwo amvekere ndi chisanu cha Juni, nkuwonjezera kununkhiza.

Ine ndinazindikirira pa nyimbo. Poyamba ankaimba ndime yonse. Kenako ankaduka pakati, khosokhoso, nkuyambiranso. Kenako nyimbo zii. Kunkangobwera "tili bwino" wamfupi ngati mchira wa mbuzi.

Amene ananditumizira zoona ndi Mai Tendai, neba wathu Mshona, amene khoma lake ndi khoma lathu. Chichewa chake anaphunzira kwa ine pa mpopi.

"Gogo, bwerani. Chifuwa cha Sekuru, amuna anu, chikulira ngati kamwana ka mphaka, ndikumamva ndili kwanga. Ndipo akukhoma bokosi lalitali. Anthu akuti ndi la maliro awo."

Maiwe! Ntchito ndinaisiya ine, ndinaisiya. Pa chipata cha malire cha Beitbridge anzanga ankadandaula za mzere, ine ndinkangoti Ambuye, asungireni mpweya, asungireni mpweya ndikawapeze.

Ndinafika masana. Nditakhota pa ngodya ya msewu wathu ndinaona anthu pabwalo panga, amuna atatulutsa katundu panja, amayi atamanga zitenje. Ndinati basi, ndachedwa. Koma mwadzidzidzi ndikumva kuseka! Ndani amaseka pa maliro?

Amuna aja anali akalipentala a ku komplekisi, ankatulutsa benchi ndi matabwa. Amayi aja ankakolopa chipinda ndi nsanza zonyowa, makoma ndi denga lomwe, kuti fumbi lisabuke. Pilo uja anali atamutaya kale. Ndipo pa khonde la Mai Tendai, atafunda bulangete, kapampu kopumira kali m'manja, anali atakhala amuna anga. Owonda, koma amoyo, amoyo ndithu! Ndinaimba nthungululu mpaka agalu a mu Glen View anandiyankha.

Mai Tendai ndi amene anawakokera ku kiliniki, iwo akukana. Anesi atamva za zenera ndi za pilo anagwira m'mutu. Anati ndi mphumu, ndipo yabwera ndi utuchi wa mkungudza. Anati fungo lokomalo ndi limene limathamangitsa njenjete, koma fumbi lake likalowa m'chifuwa limatupitsa njira za mpweya, ndipo thupi likadana nalo, ngakhale pang'ono pokha limabanika. Matabwa ena angathe kupala, panja, atavala masiki enieni osati kansalu. Koma mkungudza ayi, mpaka kalekale.

"Nanga bokosi la maliro munkakhomeranji?" ndinawafunsa, misozi ili mbwembwembwe.

"La maliro la ndani? Ndi la yunifolomu yanu yoyera ya kutchalitchi, kuti njenjete zisadye."

"Lalitali chonchi?"

"Si paja inu mumadana ndi zoipinda?"

Anthu anaseka mpaka kugwirana. Ine ndinalisisita bokosilo, polumikiza pake posaoneka nkomwe, ngati mtengo unamera choncho. Manja a amuna anga, manja odala! Chivundikiro chokha chinali chisanathe, ndipo ndinaona maso awo akuchinyengerera.

"Tsiku limodzi lokha, amayi a Chisomo. Ndingomaliza."

"Sankhani, bambo. Chivundikiro kapena besi."

Amuna anga anaitana Baba Munya, mkulu wa akalipentala aja, nkumupatsa makinawo ndi manja awiri. "Ukasalalitse motsata mitsempha ya thabwa, mwana iwe. Ukalakwitsa ndidzadziwa."

Bokosi linatha, koma muno sililowa. Limakhala kwa Chisomo, mwana wathu, ku Waterfalls. Loweruka ndimakwera kombi kukatenga yunifolomu, nkuiyanika pa chingwe mpaka fungo lithe. Ku Joni sindinabwererenso. Kumeneko gogo uja ndinkamusamalira akanatha kutsokomola mpaka kufa, mpanda osamva kanthu. Kuno khoma lopyapyala lija, limene ndinkalinyoza kuti limaulula ndi zonong'ona zomwe, ndi limene linandisungira mwamuna.

Dzulo m'mawa akupala kampando ka paini pansi pa mpeyala, anavula masiki, nkuyamba nyimbo. Ndinasiya mbale, ndinamvetsera. Ndime yoyamba inadutsa. Yachiwiri inadutsa osaduka. Pa yachitatu Mai Tendai anagogoda khoma, nkulowa ndi mawu ake a pamwamba.