Mwayi Umene a Zebron Anaubisa

Alongo anga a Zebron ndi ofolera nyumba. Mukaona chithunzi cha kampu ya alendo m'mbali mwa Luangwa, denga la udzu losalala ngati alimeta ndi lumo, mwina ndi manja awo amenewo, koma dzina lawo simulipeza pachithunzipo. Ine ndine Delia, mlongo wawo wamng'ono. Ndimagulitsa nthochi ndi matimati pamsewu ku Jumbe, ndipo nkhani yawoyi ikandibwerera mumtima ndimalephera ngakhale kuitanira makasitomala.

Ntchito yawo ndi ya nyengo. Makampu a m'tchire amamangidwanso chaka chilichonse mvula ikatha, chifukwa madzi ndi chiswe sizisiya kanthu. Mu Epulo amawaitana, mu Novembala amawauza kuti zikomo, tidzaonana. Akatero amabwerera kwawo ku Mnkhanya kukalondera kamunda ka chimanga kamene njovu zimakolola eni ake asanalawe. Akazi awo, alamu anga a Rosina, ndi ana amafika podya mango aawisi owiritsa. Zaka zonsezi pemphero la alongo anga linali limodzi, kupeza ntchito yosatseka mvula ikagwa.

Ndiye chaka chatha Mulungu anayankha kawiri nthawi imodzi. Mayi Jackie, oyang'anira loji ina yaikulu cha ku Nkwali, imene imalandira alendo chaka chonse, anawaitana n'kuwauza kuti akufuna kapitawo wa zokonzakonza, wolandira pamwezi, nyumba yomwe. Anati ayankhe Meyi asanafike pakati. Sabata yomweyo mnzawo wakale Abson, amene anasamukira ku Botswana, anaimba foni. Kampani yofolera ku Maun inkafuna munthu wodziwa udzu, ndipo malo awasungira mpaka kutha kwa Meyi, angobwera ndi pasipoti, banja lidzatsatira.

A Zebron sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo. Kwathu kuno timakula tikuuzidwa kuti mwayi sautchula usanaugwire m'manja, ulendo salengeza, chifukwa ansanje ali ndi makutu aatali. Enafe timangomvako pang'ono, koma iwo anameza zonse ndi minga yomwe. Ndinawaona akudutsa pa Jumbe m'minibasi ya ku Chipata, ine n'kuthamangira pawindo.

"Mwaswera bwanji, akulu? Ulendo wa kuti?"

Iwo atagwira tsaya anati, "Dzino, mlongo wanga."

Dzino lakelo inali pasipoti.

Mtima wawo unali ku Botswana, komanso ntchito ya a Jackie sanaikane, anangowauza kuti akaganiza kaye. Ndipo panali ntchito ina imene anali atavomera kale, kufolera kampu ya a Nick mkati mwenimweni mwa paki ya nyama zakutchire, kumene alendo oyamba ankafika kumayambiriro kwa Juni. Iwo anawerengera kuti alowa, afolera msangamsanga, atuluka Meyi akungoyamba, kenako asankha bwinobwino ali pakhomo pawo.

Analowa ndi gulu lawo. M'gulumo munali Evans, bambo wapabanja wa ana, amene iwo anamuphunzitsa kuyala udzu kuyambira asakudziwa kugwira mtolo. Mvula imene tonse tinkati yapita inabwerera. Dothi la kuchigwa kuno likanyowa limagwira galimoto ngati ulimbo. Thirakitala yobweretsa udzu inatitimira panjira, udzu umene unali utafika unanyowa, ntchito inaima. Kumeneko foni sigwira. Chimene chilipo ndi wailesi yolankhulirana ya mu tenti ya a Nick, ndipo ukalankhulapo amamva ndi onse, madalaivala, ophika, alonda a maloji onse.

Apa ndiye pamene ndimapsa mtima. Mawu ochepa chabe akanakwana. Akanangoti a Jackie andidikire, kapena wina aimbire Abson kuti mvula yanditsekera. Koma ayi, mwayi wawo umveke pa wailesi, chigwa chonse chidziwe? Anandiuza okha pambuyo pake kuti m'mawa uliwonse ankazungulira tenti ija ngati nkhuku yofuna poikira. Tsiku lina anafika mpaka pakhomo pa tentiyo.

"Zebron, pali vuto?" anafunsa a Nick.

Iwo anayang'ana anzawo amene ankamwa tiyi chapafupi. "Ayi bwana, ndimafuna waya."

Kuthawa osamaliza nakonso sakanachita. Wofolera amene wayala mtolo woyamba ndiye amatseka pamwamba, ndipo kusiya denga la munthu lili yasa ndi manyazi amene amakutsata mpaka kumanda. Pamenepo sindiwanena, ndi mmene anatilerera atate athu. Anakhala, n'kumayanika udzu, masiku n'kumapita.

Njira itauma pang'ono, a Nick anatuma Evans ku Mfuwe kukatenga udzu wina. Kumeneko anakumana ndi a Jackie, amene anamufunsa ngati a Zebron anamupatsa uthenga uliwonse. Evans sankadziwa kanthu, ndipo ananena zoona, kuti sanamuuze chilichonse. Mayiwo anangoti basi, ndiye kuti ntchitoyi sakuifuna ameneyo. Kenako anamuyang'ana Evans n'kumufunsa ngati iye angathe. Ndani akanakana? Udzu anautumiza pa thirakitala, iye n'kutsala komweko. Ine Evans sindimuda, nayenso ana ake amadya mango omwewo.

Alongo anga anatseka denga lomaliza Meyi atatha, alendo ali panjira. Atatuluka m'paki foni inayamba kulira mauthenga a Abson, womaliza wake wakuti, "Akulu, ndayesetsa. Atenga munthu wa ku Zimbabwe." Anakwera njinga kuthamangira ku Nkwali, n'kupeza Evans atavala yunifolomu, makiyi ali m'chiuno. A Nick atamva nkhaniyi anagwira mutu. Anati a Zebron akanangonena, uthenga ukanapita tsiku lomwelo, ndipo iwo akanawalembera kalata yowayamikira. Anawapatsa chipewa cholembedwa dzina la kampu.

Anabwera ku Jumbe atavala chipewa chomwecho, nakhala pa benchi yanga, n'kundifotokozera zonse. Pomaliza anatsitsa mawu, "Mlongo wanga, apa pali dzanja la munthu."

"Munauza ndani, akulu?"

"Palibe."

"Nanga wokulodzaniyo anamva kwa yani?"

Anatola nthochi imodzi n'kumaitembenuza m'manja osaisenda. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinkafuna kuwagenda ndi timati. Munthu wa luso chotere, wosamwa, wosaba, kudzitsekera yekha chitseko poopa anthu amene sankadziwa n'komwe kuti ali ndi choti achitire nsanje.

A Rosina anadziwa za Botswana mu Januwale, atapeza pasipoti m'thumba la jekete la kutchalitchi, yatsopano, yopanda chidindo ngakhale chimodzi. Sanakalipe. Anaibwezera momwemo n'kupita kukawiritsa mango.

Epulo wa chaka chino a Zebron anapalasa njinga kupita ku loji ija ya ku Nkwali, atamva kuti akufuna ofolera madenga atsopano. Wolemba anthu anali Evans. Anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa mpando, n'kumawatchula kuti aphunzitsi pamaso pa anthu onse. Ntchito anawalembadi, mpaka Novembala.