Jekete la Apongozi

M'nthawi ya Chitaganya, pamzere wathu wonse ku Soche njinga yamoto inalipo imodzi yokha, ya apongozi anga aamuna, amene ankakonza magalimoto ku Limbe. Ife a ku Chigwa cha Shire mpongozi sitimuyandikira. Ndinkawapatsa moni nditagwada patali, moti nkhope yawo sindinkaidziwa bwinobwino.

Tsiku lina mwana wanga wakhanda anayamba kukomoka, thupi litatentha ngati moto. Mwamuna wanga anali kuntchito. Apongozi analiza njinga ija n'kudzaima pakhomo, osandiyang'ana. Ndinabereka mwana n'kukhala chammbali panjingapo, manja onse atagwira kachitsulo kakumbuyo. Zoti ndigwire thupi lawo, ayi, bola kugwa.

Njira yotsikira ku Ginnery Corner inali ya miyala yokhayokha. Njinga inkadumpha, nsalu yanga ikukupiza pafupi ndi masipokosi, ndipo kumbuyoku mwana anali zii, osalira. Pokhota pena ndinaterereka, phazi n'kukhula pansi. Ndinakuwa.

Anaimitsa njinga. Osacheuka, anati, "Amayi, gwirani jekete langali. Jekete si mpongozi wanu."

Ndinaligwira ndi zala ziwiri. Njinga itangonyamuka, ndinalikumbatira lonse pamodzi ndi mwini wake, ndikulira, mpaka pachipata cha chipatala.

Mwanayo anachira. Za ulendo umenewo ine ndi apongozi sitinakambiranepo mpaka anamwalira. M'mawa wotsatira ulendowo ndinawapatsa moni nditagwada patali monga kale, koma tsopano ndikudziwa kuti panjinga paja nawonso msana wawo unkanjenjemera.