Mbuzi Yothokozera Inanditseka Pakamwa mu Bodi

Inu owerenga, ine ndinalakwa, ndipo ndikakumbukira ndimadzipsera mtima ndekha. Ndinalola kutsekedwa pakamwa chifukwa cha mbuzi, mbuzi yake yosakhala yanganso!

Zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, ndili mphunzitsi wamkulu ku Soche. Tsiku lina ndinangomva pa wailesi kuti andiika mu bodi yoyang'anira thumba la penshoni ya ogwira ntchito m'makampani a boma. Ntchito yathu inali yosankha koika ndalamazo kuti zizipindula. Amene anapereka dzina langa anali bwana wina wamkulu m'chipani, wokhala ku Mandala.

Alamu anga a ku Chimwankhunda, achimwene a mkazi wanga, ankayendetsa lole pa kampani ina ya boma, ndipo mwezi ndi mwezi ankawadula ndalama zolowa m'thumba lomwelo. Anasangalala koopsa. Anati kwathu ku Nsanje munthu akakuchitira zabwino suthokoza ndi pakamwa pokha. Anaitanitsa mbuzi yawo kumudzi, tinakaipereka limodzi ku Mandala, titagwada. Bwanayo anangoti, "Aphunzitsi, ndinu munthu wathu." Ine kupusa, ndinkayesa akunditamanda.

Misonkhano inkachitikira m'tauni. Koma abale, inali misonkhano imeneyo? Tiyi, masikono, kenako wapampando kuwerenga zogamulidwa kale kwina, ife n'kuwomba m'manja. Ndinadzazindikira mochedwa kuti tonse tinadzera pakhomo la ku Mandala lija, wina ndi nkhuku, wina ndi mpunga.

Ndiye kunabwera nkhani yoti ndalama zambiri za m'thumbamo ziikidwe m'kampani ya fodya ya ku Limbe. Aliyense ankadziwa kuti kampaniyo ndi ya bwana uja, komanso kuti inali itamira kale m'ngongole. Ndinakweza dzanja kuti ndifunse. Wapampando anandiyang'ana n'kumwetulira, amvekere, "Aphunzitsi, paja bwana akuti mbuzi ija inali yonona." Basi, funso lija ndinalisiya pomwepo. N'zoona kuti masiku amenewo ukangofunsa unkatchedwa woukira, koma ndisanamizire mantha okha ayi. Ndinachitanso manyazi kutsutsa munthu amene ndinamugwadira. Ndinatsitsa dzanja lija, n'kuwomba m'manja kuposa onse.

Kampaniyo inagwa. Bodi yathu anaithetsa pa wailesi pomwe paja, ife kutchulidwa mayina mmodzimmodzi, bwana osamveka n'komwe. Zinandinyansa, koma ndikanadandaulira ndani? Alamu atapuma pantchito anayendera penshoni yawo mpaka nsapato kutha. Kangachepe kamene analandira sikanakwane ndi malata omwe a nyumba imene ankafuna kumanga ku Nsanje. Anakalambira m'nyumba ya lendi.

Inu owerenga, akakuikani pampando wosunga chuma cha anthu, mabwana anu ndi eni chumacho, osati amene wakutchulani dzina. Musapite kukathokoza ndi kanthu, chifukwa chingwe cha mbuziyo chidzatsala m'khosi mwanu. Ndipo ngati mukudziwa kuti simungathe kunena kuti ayi, mpandowo ukaneni kukadali m'mawa.

Alamu sanandikalipirepo, bola akanatero. Ali chigonere, matenda atakula, anangondigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Alamu, ndiye kuti mbuzi ija ndinakagulira umphawi wanga ndekha?" Tinawaika ndisanawayankhe.