A Venancio Jailosi, amene anakana kuchira ndi bodza

Akhristu anzanga a ku Thambani, ambiri munkawadziwa bambo anga, a Venancio Jailosi, ngati mkulu uja wokhala pa benchi yakumbuyo, wosesa tchalitchi Loweruka lililonse. Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo. Ndilemba zimene ndikudziwa.

Anabadwira tsidya lija, ku Mozambique, m'banja la akhristu osauka. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo anali mnyamata, ndipo anawoloka malire atabereka mayi awo olumala, kolona ili m'khosi. Anayamba ndi ganyu m'minda ya kwa Nthache, kenako anapeza ntchito yophika pa sukulu ina ya sekondale ku Boma. Anakalambira kukhitchini komweko, utsi ukuwadya maso. Sanabwerepo kunyumba ndi shuga wa ana asukulu, ngakhale wodzaza supuni. Anzawo akamawaseka, ankangoti, "Wakuba amakhuta, koma sagona."

Mayi athu atamwalira, bambo anatilera okha. Atapuma pantchito anabwerera kuno n'kudzipereka kuyendera odwala a m'mphakati mwathu, pa njinga yokalamba ngati mwini wake.

Sikimu ya zachipatala ya kuntchito anapitiriza kuilipira ndi penshoni. Koma sikimu siilipira bilu yonse; gawo lina imasiyira wodwala kuti adzionere yekha. Lamulungu lina Misa itatha, a Stafford, tcheyamani wa bungwe la tchalitchi chathu, amenenso amagulitsa inshuwalansi, anaima kutsogolo atavala suti yonyezimira. Analengeza kuti kwabwera inshuwalansi ya okalamba, yolipira gawo limene sikimu imasiya. Anatchula ndi vesi yomwe. Bambo analembetsa tsiku lomwelo, pakuti mawu onenedwa pafupi ndi guwa sankawafunsa kawiri. Kuyambira pamenepo, kapenshoni kaja kankadulidwa pawiri.

Chaka chatha anawapeza ndi chotupa m'mimba. Dokotala wa chipatala china cholipira ku Blantyre anati opaleshoni ikufunika msanga. Sikimu inavomera gawo lake. A inshuwalansi aja anatumiza funso limodzi lokha: ululu unayamba liti? Ngati unayamba bambo asanalembetse, iwo sizikuwakhudza. Ndiye kuti amasamalira nkhalamba zokhazo zimene zinafika pa penshoni osamvapo kupweteka paliponse. Nkhalamba yotere sindinaionepo m'boma la Mwanza.

Ndinali nditasiya koleji kudzawadwazika, choncho ndinalipo tsiku limene a Stafford anabwera kunyumba ndi kajumbo ka manachesi.

"Achimwene, nkhaniyi ndi yaing'ono," anatero. "Mukangonena kuti ululu unayamba Pasaka wapitayu. Aliyense amatero."

"Koma unayamba ndikadali kukhitchini," anayankha bambo.

"Ndani akakufunseni za kukhitchini? Mukufuna kuchira kapena mukufuna kukhala woyera? Oyera anakwana kale pa kalendala!"

"A tcheya, Lamulungu lija simunatiuze kuti inshuwalansi imeneyi imayendera bodza. Lilime ili ndi lomwe ndimalandirira Ambuye. Ndikanama lero, mawa ndikalitulutsa bwanji pa guwa?"

A Stafford anaseka, anayang'ana foni, n'kunena kuti ali ndi msonkhano ku Boma.

Bambo ananena zoona. Yankho silinachedwe. Mtsikana wa mawu okoma wa ku inshuwalansi anaimba foni, napepesa mwaulemu waukulu kuti salipira, natifunira tsiku labwino. Zimene tinali nazo sizikanakwana gawo lotsalalo. Tinawalembetsa pamzere wa opaleshoni ku chipatala cha boma, mzere wautali wa anthu osauka ngati ife, n'kubwerera kwathu pa pikiapu, mutu wawo uli pamiyendo panga.

M'miyezi yotsatira sanadandaulepo. Mayi Iness ndi amayi anzawo a m'mphakati ankabwera ndi nkhuni ndi nyimbo, Mulungu awakumbukire. Akuluakulu a masuti anali otanganidwa. Nthawi anaipeza tsiku la maliro, pamodzi ndi nkhata za maluwa zazikulu kuposa chitseko chathu.

M'mawa wa tsiku lomaliza, atalandira sakramenti la kudzoza odwala, anapempha kuti tiwatulutse padzuwa. Anandigwira dzanja nati, "Usasunge mkwiyo, mwanawe. Ine ndikupita wopepuka." Tinayamba kolona. Tisanaimalize ndinazindikira kuti ndikupemphera ndekha.

Bambo anasankha kufa ndi lilime loyera kusiyana ndi kugula zaka zina ndi bodza limodzi. Chitsanzo chimenechi n'cholemera, ndipo sindinamizira kuti ambiri a ife tingachinyamule. Kumanda, a Stafford analankhula m'malo mwa bungwe la tchalitchi. Anapukuta maso ndi mpango, nauza khamu lonse kuti malemu anali munthu wosadziwa kunama. Pamenepo ananena zoona. Akudziwa bwino, anawayesa okha.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo mzimu wa a Venancio uuse mumtendere.