Tizipinda ta m'tsamba la tiyi

Ine tiyi ndathyola mpaka msana kupindika, koma za m'kati mwa tsamba anandiuza ndi mzime wanga, mtsikana uja anapita ku yunivesite. Anabwera nthawi ya mvula kudzapempha kuti ndimulole akapitirize maphunziro kunja. Ndinakana. Bambo ake anatisiya kale, ndiye ndinkafuna apeze ntchito pachipatala, pafupi pompano. Zimene ankaphunzirazo sindinkazimva n'komwe.

M'mawa mwake tikupita ku Chitakale, tinadutsa m'mphepete mwa munda wa esiteti. Iye anabudula kansonga n'kundifunsa chifukwa chimene akapitawo ankatiletsera kutsendera masamba m'dengu. Ndinati amapsa, amafiira, pasikelo amawakana. Akapitawo athuwo anali aafupi, ampando wakutsogolo kutchalitchi, koma akangopisa dzanja m'dengu ankadziwiratu kuti mwapondamo ndi phazi.

Mwanayo anati tsamba linapangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo m'selo lililonse muli tizipinda. Muli zinthu ziwiri, chilichonse m'chipinda chakechake. Mukafinya, makoma amang'ambika, ziwirizo n'kukumana, ndiye kufiira kuja. Kufakitale amachita dala, n'chifukwa chake tiyi amatuluka wakuda.

Ndinaima pamsewu pompo. Ife kunyumba za kampani tinkagona tonse m'chipinda chimodzi, titatchinga pakati ndi mphasa, pamene katsamba kamene ndinkaponya kumsana osakayang'ana kali ndi zipinda zosawerengeka, chilichonse ndi khoma lake.

"Nanga iweyo pamenepa ntchito yako ndi yotani?"

"Kumanga tizipinda tatsopano m'maselomo, amayi. Timakonza mapuloteni oti mbali ina izikonda madzi, ina iziwathawa. Mbali zothawazo zimabisalirana m'kati, zokonda madzi n'kuyang'ana kunja, khoma n'kudzuka lokha."

"Popanda mmisiri?"

"Popanda mmisiri. Kungoti makoma ambiri amatigwera. Ndikufuna ndikaphunzire chifukwa chake."

Anati zikadzatheka, selo lizidzaphika mankhwala m'kachipindako, ilo osapsa nawo. Ine ndinkangotembenuza katsambako m'manja, kukayang'anira kudzuwa ngati ndiona zitseko. Wakabaza anachita kutiimbira belu kuti tipatuke.

Tisanafike pasiteji ndinamugwira mkono.

"Pita. Koma likadzaima khoma lakolo, udzandionetse ndi maso angawa."

Anapita chilimwe chotsatira.